Kukweza chiwindi pa opaleshoni ya kamera, zida zake ndi kagwiridwe kake

Anzanga a mu fiyeta, makamaka inu achemwali ndi achimwene amene mwangoyamba kumene kusikiraba, ndi ana asukulu amene mumabwera kuno ku Mangochi kudzaphunzira ntchito mma wodi, ndati ndilembeko za ntchito imodzi imene nthawi zambiri amapatsa wamng'ono pagulu koma ikalakwika opaleshoni yonse imasokonekera. Ndikunena kukweza chiwindi pa opaleshoni ya kamera ija timati laparoscopy, ena amangoti lap. Kuno kumaboma sitiiona tsiku ndi tsiku, ambiri timakakumana nayo kuzipatala zikuluzikulu kapena kukabwera madokotala oyendera ndi zida zawo, nde tsiku limene wakumana nayolo amangokupatsa chitsulo mmanja nkukuuza kuti gwira apa usagwedezeke, iwe osadziwa kuti chimene wagwiracho chikupanga chani mkatimo. Zimenezi zimandipweteka mtima chifukwa amene wagona patebulopo ndi mayi wa munthu, bambo wa munthu.

Chiwindi cha munthu wamkulu chimalemera pafupifupi makilogalamu 1.5. Chimakhala kumtunda kwa mimba kumanja kunsi kwa nthiti, koma mbali yake yakumanzere imadutsa pakati nkukagona pamwamba pa chifu ndi pamalo paja m'mero umaboola diaphragm, mnofu uja umalekanitsa chifuwa ndi mimba. Ndulu nayo inamatirira kunsi kwake. Nde adokotala akafuna kugwira ntchito pa ndulu, pa chifu, pa hiatus hernia (chifu chikakwera kulowa mchifuwa kudzera pa hiatus, bowo la m'mero pa diaphragm), pa chilonda cha mmimba chimene chaboola, olo pa impso yakumanja, chiwindi chimakhala chatchinga. Pa opaleshoni yong'amba mimba umangolowetsa dzanja ndi Deaver, chitsulo chophwatalala chokokera ziwalo, nkukweza, ukumva ndi zala zako kuti apa ndakanikiza kwambiri. Pa lap dzanja silolowa. Chimalowa ndi chitsulo chodutsa pa kabowo ka mamilimita 5 kapena 10, ndipo chitsulo sichikuuza kuti ndikupweteka, umadziwira pa sikirini basi. Aliyense amene anaduladulako chiwindi cha mbuzi kukhitchini akudziwa mmene chala chimalowera ukangodina pang'ono. Cha munthu ndi chimodzimodzi, chinangokutidwa ndi kakhungu kopyapyala kotchedwa Glisson's capsule, kakang'ambika magazi ake amavuta kuleka.

Sitepe yoyamba imayamba dzulo lake, osati mu fiyeta ayi. Werengani failo ndipo muone kuti sikani yanena zotani za chiwindi ndi kapamba. Apa ndichedwepo chifukwa ziwindi za anthu athu kuno kunyanja si zofanana ndi za mmabuku. Likodzo limene tinazolowera ndi la mkodzo wamagazi lija, koma cha mma 2017 ndi 2018 ofufuza anapeza kuti mmbali mwa nyanja kuno ku Mangochi mulinso nkhono zofalitsa likodzo la mmatumbo, Schistosoma mansoni, ndipo limeneli mazira ake amakakodwa mchiwindi, pakapita zaka chiwindi chimauma mmbali mwa mitsempha, magazi amavutika kudutsa, kapamba amatupa, mitsempha ina imene inali ing'onoing'ono imafufuma. Kulinso hepatitis B. Katemera wake analowa mu ndondomeko ya ana kuno ku Malawi mu 2002, kutanthauza kuti akuluakulu ambiri amene timawapanga opaleshoni panopa sanabayidwe ali ana. Onjezerani kachasu. Komanso mbali inayi kukubwera ziwindi zamafuta za anthu onenepa ndi a shuga, zazikulu, zolemera, zachikasu, zosachedwa kusweka. Nde mufunseni wodwala bwinobwino, bambo mumapita kunyanja? munasanzapo magazi? mimba inatupapo madzi? mowa mumamwa wotani? Onani ma platelets, tizigawo tothandiza magazi kuundana, pa full blood count. Chiwindi chouma sichipindika, ukachikakamiza chimang'aluka. Chamafuta chimalemera moti retractor, chitsulo chokwezera chiwindi chija, ikakhala yaing'ono imangomira mkati mwake. Zonsezi muwauze adokotala ndi ogonetsa pa nthawi ya checklist ya WHO, mndandanda wa mafunso uja timafunsana tisanayambe opaleshoni, musachite manyazi kuti ndine wamng'ono. Maiko ena odwala onenepa kwambiri amawaika pa chakudya chochepa pafupifupi masabata awiri asanapange opaleshoni ya chifu, cholinga chake nchomwechi, kuti chiwindi chiphwe chikwezeke mosavuta.

Kenako sankhani chida, ndipo funsani adokotala kuti akufuna chiti musanatsegule paketi iliyonse, chifukwa kutsegula chinthu chosagwiritsa ntchito ndi kuononga gasi ndi magetsi a autoclave.

Nathanson ndi imene ine ndimaikonda kwambiri pa ntchito ya chifu ndi m'mero. Anaipanga dokotala wa ku Australia, Leslie Nathanson. Ndi ngowe yachitsulo yosalala, chitsulo chimodzi chokhotakhota, ilibe mahinji, ilibe waya, ilibe poti dothi nkubisala, nchifukwa chake imatsukika bwino ndipo imakhala zaka. Imabwera mmasaizi, yaing'ono, yapakati ndi yaikulu, ndipo sigwiridwa ndi munthu, imamangidwa pa mkono wachitsulo umene umapanidwa pa kanjanji ka mmbali mwa tebulo. Fan retractor ndi ndodo imene kumapeto kwake imatambasula zala zitatu kapena zisanu ukapotokola kumbuyo, ilipo ya mamilimita 5 ndi ya 10, ndi imene mumaipeza kwambiri mma seti operekedwa ndi abwenzi akunja, koma ndi imenenso imang'amba chiwindi kwambiri wogwira akasasamala chifukwa nsonga za zalazo zimabaya ndipo potseka zimapana. Snake retractor, ina imadziwika ndi dzina loti Diamond-Flex, imalowa ili lende pa poti ya 5 (poti ndi kapaipi kolowetserapo zida mmimba), ukamanga kanobu kakumbuyo tizidutswa take timakokana ndi waya wamkati nkupanga triangle yolimba. Iliponso paddle yokutidwa ndi kansalu imene imafuna poti ya 12, koma zambiri zimenezo ndi zogwiritsa kamodzi nkutaya nde kwa ife ndi zodula. Ndipo pali grasper wamba, chida chogwirira nyama, wokhala ndi loko, amene pa opaleshoni ya ndulu ndiye retractor weniweni.

Mukasankha yesani chidacho mmanja mwanu wodwala asanagone. Fan itseguleni nkuitseka kangapo, zala zonse zibwerere pamzere umodzi, ngati chala chimodzi chapindika chikutsalira kunja imeneyo ikakanirira pa poti potuluka, ichotseni. Snake imangeni mpaka ipange triangle, dinani ndi chala muone ngati ikulimba, kenako masulani muone ngati ikubwerera lende mpaka kumapeto. Ikamalira kapena kanobu kakamazungulira osagwira ndiye kuti waya watsala pang'ono kuduka. Nathanson yendetsani chala cha gulovu mmbali monse kufuna pokala. Mkono wachitsulo umangeni nkuukankha, usagwe. Onaninso kuti saizi ya chida ikugwirizana ndi trocar imene muli nayo, chitsulo chobayira khoma la mimba chobwera ndi poti yake, fan ya 10 siingalowe pa poti ya 5, ndipo chida cha 5 pa poti ya 10 popanda reducer gasi amangothawa. Silinda ya carbon dioxide ione kuti ili ndi gasi wokwana ndipo ina ili pafupi. Thireyi ya laparotomy, ya zida zong'ambira mimba, ikhale mchipinda momwemo, osati ku stoo.

Tsopano kagonekedwe ka wodwala, apa anthu amathamangirapo koma theka la kukweza chiwindi limachitika ndi tebulo. Wodwala amapendekedwa mutu mmwamba miyendo pansi, reverse Trendelenburg, kuti matumbo ndi mafuta a omentum atsikire okha kumunsi. Pa ndulu timakwezanso mbali yakumanja pang'ono. Nde munthu wopendekeka chonchi amatsetsereka, makamaka wonenepa pa matiresi a pulasitiki. Mangani lamba pa ntchafu, ikani chopondera kumapazi, tetezani zidendene ndi zigongono, ndipo yesani kupendeka tebulo musanafunde nsalu kuti muone ngati akusuntha. Chifukwa chake ndi ichi, retractor yomangidwa pa tebulo siyenda, wodwala akatsetsereka masentimita awiri okha chiwindi ndi chimene chimakokeka pa chitsulocho. Kilampu ya mkono uja ipaneni pa kanjanji pamalo poti sikudina mkono kapena chiuno cha wodwala, nthawi zambiri kumanja kwake, ndipo pisani dzanja pakati muone kuti pali mpata. Pemphani ogonetsa alowetse chubu mchifu achotse mpweya, chifu chofufuma chimakankhira chiwindi kutsogolo ndipo chimalanda malo onse.

Kamera ikalowa, mimba yafufuma ndi gasi pa 12 mpaka 15 mmHg, musathamangire kulowetsa retractor. Yambani mwachiona chiwindicho. Mtundu wake ndi wotani, ndi chosalala kapena chatimabamputimabampu, mphepete mwake ndi yopyapyala kapena yonenepa yobulungira, chamatirira ku diaphragm kapena ku khoma la mimba? Nthawi zina mumapeza tizingwe topyapyala pakati pa chiwindi ndi khoma, makamaka kwa amayi amene anadwalapo matenda a mchiberekero, timeneto adokotala ayambe adula chifukwa mukakweza tilipo timasenda kakhungu ka chiwindi. Onaninso falciform ligament, kansalu kaja kamapachika chiwindi kukhoma lakutsogolo. Kwa munthu wa chiwindi chouma mmenemo mumadutsa mitsempha yofufuma, kubaya pamenepo ndi ngozi yeniyeni.

Kulowetsa Nathanson kumayenda chonchi. Adokotala amadina ndi chala pansi pa kafupa kakumapeto kwa fupa lapachifuwa, xiphoid, chakumanzere pang'ono, ndipo wa kamera amaonetsa pamene chalacho chikudina kuti tione kuti tili kumanzere kwa falciform. Amacheka pang'ono, mamilimita 5 basi, pakakula gasi azingofwenthera pamenepo opaleshoni yonse. Amabaya ndi trocar ya 5 kupanga njira tikuona pa sikirini, kuloza mmimba osati mmwamba, kumbukirani kuti mtima uli pompo kuseri kwa diaphragm. Trocar ija amaichotsa, Nathanson imalowa yokha pa njira imeneyo popanda poti. Inu wosikiraba ipakeni madzi a sterile kuti iterere, muipereke nsonga ili kutsogolo. Siikankhidwa molunjika ayi, imalowa mozungulira kutsatira kukhota kwake, nsonga ikuloza kutali ndi chiwindi, ndipo kamera isaisiye nsongayo ngakhale kamphindi. Yonse ikalowa, wina amanyamula mphepete mwa chiwindi ndi mbali ya grasper yotseka, osati ndi mano ake, ndipo ngowe ija imatembenuzidwa kulowa kunsi mpaka kukhota kwake kukafike pafupi ndi hiatus. Kenako kwezani pang'onopang'ono kuloza kutsogolo ndi kumtunda. Mukangoona chimene adokotala akufuna kuona, imani pompo. Musaonjezere kuti pakhale pokongola. Chiwindi chigone pa thupi lonse la ngoweyo, nsonga ionekere kuti ili pa mpata, isabisale mnyama. Tsopano ndi pamene mumamanga mkono uja, wina atagwira Nathanson osasuntha, wina akumanga, maso onse pa sikirini chifukwa pomanga pamakhala kakugwedera.

Lamulo limene sindilola kuti liphwanyidwe mu fiyeta ndi ili, tebulo liyambe lapendekeka kenako mumange retractor. Adokotala akati tebulo lisinthe pakati pa opaleshoni, nenani mokweza kuti retractor ndi yomanga, masulani kaye, tebulo lisinthe, muikenso. Chimodzimodzi wodwala akayamba kukankha mimba kapena kutsokomola chifukwa mankhwala ofewetsa minofu akutha, auzeni ogonetsa nthawi yomweyo ndipo dzanja lanu likhale pa chomasulira. Gasi akatha mwadzidzidzi khoma la mimba limagwa, malo amachepa, chitsulo chimene chinali bwinobwino chimayamba kudina pena, nde silinda ikasinthidwa yang'ananinso mmene retractor yakhalira musanapitirize. Magetsi akazima sikirini nkuda, musasunthe kanthu kalikonse, olo kutulutsa, gwirani mmene munagwirira mpaka jenereta ilire chithunzi chibwerere. Ogonetsa nawo akanena kuti BP yatsika kapena mtima wasintha kagundidwe mutangokweza, masulani kaye, nthawi zina chitsulo chimakhala chikukankha diaphragm kudina mtima kapena chapinda mitsempha ikuluikulu yakuseri kwa chiwindi.

Snake ndi fan zimalowa pa poti, kawirikawiri ya kumanja kunsi kwa nthiti chakumbali, nkudutsa kunsi kwa falciform kupita ku chiwindi chakumanzere. Zilowe zotseka, zifike pa mpata poonekera, mutsegulire pamenepo, kenako muzilowetse kunsi kwa chiwindi zitatseguka kale. Kutsegulira fan kunsi kwa chiwindi kumene simukuona ndi mmene anthu amabayira. Chigoneke chafulati, chiwindi chikhale pa mimba ya zalazo osati pa nsonga. Chiwindi chikakhala chofewa kwambiri kapena chamafuta, adokotala atha kulowetsa kagozi nkuyala pakati pa chitsulo ndi chiwindi, kamachepetsa kuterereka komanso kudina, koma kagozi kameneko runner, namwino wothandizira kunja kwa tebulo, akalembe pa bolodi nthawi yomweyo kuti kali mkati, chifukwa kakanyowa magazi kamafanana ndi nyama ndipo kamabisala kuseri kwa chiwindi.

Ngati palibe mkono wachitsulo ndiye kuti mkono ndi wanu. Imani bwino, phazi ndi phazi motalikirana, chigongono chitsamire pathupi panu kapena dzanja ligone pa nsalu pamalo osadina wodwala, musagwire mmalere chifukwa pakatha mphindi 20 dzanja limayamba kunjenjemera ndipo limatsika lokha inu osadziwa. Kumbukiraninso kuti poti imatembenuza zinthu, mukatsitsa dzanja kunja nsonga imakwera mkati, mukapita kumanja iyo imapita kumanzere. Chovuta china nchoti kamera ikayandikira pamene adokotala akusoka, retractor yanu siionekanso pa sikirini, nde nthawi imeneyo ndi yongokhala chete, osakankha osakoka. Mukatopa nenani. Kunena kuti adokotala dzanja latopa ndipume kaye si ulesi, bola zimenezo kusiyana nkuti chitsulo chiterereke chikalowe mchiwindi.

Opaleshoni ikatalika, pemphani wa kamera abwerere mmbuyo nthawi ndi nthawi tione chiwindi. Mbali imene yapanidwa ikayamba kuda kwambiri kapena kuyererako kusiyana ndi inzake ndiye kuti magazi sakuyenda bwino, masulani kwa mphindi zingapo mtundu ubwerere, kenako muike posinthako pang'ono. Ndi zodziwika kuti pambuyo pa opaleshoni zotere ALT ndi AST, zoyeza za mmagazi zoonetsa mmene chiwindi chilili, zimakwera masiku oyamba nkutsika zokha, koma kupana kwa maola ambiri osapumitsa kutha kupha kachigawo ka chiwindi, ndipo munthu amene chiwindi chake nchodwala kale alibe chiwindi chabwino chokwanira choti nkutayapo china.

Pa ndulu nkhani ndi yosiyanako, ndipo iyi ndi imene ambiri mudzayambire. Kuchotsa ndulu ndi kamera anayamba ndi Erich Mühe ku Germany mu 1985, kenako Philippe Mouret ku Lyon mu 1987, ndipo mpaka lero kakwezedwe ka chiwindi ndi kogwiritsa ndulu yomweyo. Mapoti amakhala anayi, ya kamera pa mchombo, ina pansi pa xiphoid, ziwiri za 5 kumanja. Inu wothandizira mumalowetsa grasper wa loko pa poti yakumbali kwenikweni, mumagwira nsonga ya ndulu, fundus, nkuikankhira mmwamba kudutsa mphepete mwa chiwindi kuloza phewa lakumanja la wodwala. Ndulu ikamakwera chiwindi chimatsatira, kunsi kumatseguka. Gwirani nyama yokwanira, mukagwira pang'ono imang'ambika ndulu nkutayikira mmimba pamodzi ndi timiyala. Ikakhala yotupa kwambiri yolimba moti grasper akungoterereka, musalimbane nayo, adokotala ayambe aipopa ndi singano iphwe. Pokankha yang'anani malo awiri amene amakonda kung'ambika, pamene ndulu yalumikizana ndi chiwindi, ndi pafupi ndi falciform pamene chiwindi chimapindikira. Chiwindi chouma cha likodzo kapena cirrhosis sichilola kupindika choncho, nde mmalo mokakamiza ndi bwino kuonjezera poti ina nkuika retractor yonyamula chiwindi chenichenicho, poti imodzi yoonjezera siipweteka munthu kwenikweni.

Grasper wachiwiri amagwira kumunsi kwa ndulu, pa Hartmann's pouch, nkukokera kumbali ndi kumunsi pang'ono kuti malo a cystic duct, kanjira kotulutsa madzi a mu ndulu, ndi cystic artery, kamtsempha kake ka magazi, atambasuke. Apa kukoka kwanu kumakhudza moyo wa munthu mwachindunji. Mukakokera zonse mmwamba mwamphamvu, common bile duct, njira yaikulu yopititsa madzi a ndulu ku matumbo, imakokeka nkukhala pamzere umodzi ndi cystic duct, adokotala atha kudula njira yaikulu poganiza kuti ndi yaing'ono, ndipo chilonda chimenecho munthu atha kuvutika nacho moyo wake wonse. Nchifukwa chake Steven Strasberg mu 1995 anafotokoza critical view of safety, kuti asanaike clip paoneke tinjira tiwiri tokha tolowa mu ndulu, mafuta apakati achotsedwe, ndipo kumunsi kwa ndulu kukhale kutasendedwa kuchoka pa chiwindi. Chithunzi chimenecho sichioneka ngati wokweza sakukweza bwino. Inunso muli ndi maso, mukaona kuti sizikuoneka bwino nenani mwaulemu.

Nanga retractor ikakhala palibe, kapena yathyoka tili pakati? Njira zilipo ndipo si zachinyengo ayi. Grasper wa loko atha kulowa pa poti ya pansi pa xiphoid, kudutsa kunsi kwa chiwindi chakumanzere nkukagwira pa diaphragm pafupi ndi hiatus, ndodo yake ndi imene imanyamula chiwindi, bola agwire mofatsa chifukwa diaphragm ikaboka mpweya umalowa mchifuwa. Ngati chikutchinga ndi falciform yolendewera yamafuta, ulusi wa nylon pa singano yowongoka umabayidwa pakhungu, kuzungulira falciform nkutulukanso, kunja nkuumanga pa kagozi kapena kuupana ndi artery forceps. Njira iyi musaiyese pa munthu wa mitsempha yofufuma uja ndanena. Olo ndodo ya suction yomwe imatha kunyamula chiwindi kwa kanthawi.

Chiwindi chikang'ambika musabise ndipo musachotse chitsulo mwamantha. Nenani. Adokotala alowetsa gozi nkudina pamenepo mphindi zingapo osasuzumira pafupipafupi, ting'alu tambiri timaleka ndi kudina kokha. Pakapitirira pali diathermy yootchera ndi magetsi, pali Surgicel, kansalu koletsa magazi, ngati ilipo. Koma magazi akamadzaza msanga kuposa mmene suction ikukokera, kapena ogonetsa akuti wodwala akutsika, kutsegula mimba ndi chisankho chabwino ndipo inu thireyi ija mukhale mutaitsegula kale, mpeni mmanja. Kuno magazi ku blood bank sakhala ochuluka nthawi zonse, ndipo mtunda wopita ku Zomba Central ndi wautali kwa munthu amene akutaya magazi mkati.

Potulutsa ndi pamene anthu amakhala atatopa, ena ayamba kale kukamba za nkhomaliro, koma ngozi za fan zimachitikanso pompa. Kamera ione chidacho. Masulani mkono wina atagwira, tsitsani chiwindi pang'onopang'ono, bwezani chida pa mpata. Fan itsekeni mukuona kuti pakati pa zala palibe mphepete mwa chiwindi, omentum kapena thumbo. Snake imasuleni mpaka kanobu kafike kumapeto, ikatuluka yokhota imathyokera pa poti. Nathanson imatuluka mmene inalowera, mozungulira. Ikakana musakoke, bwererani muone chagwira nchani. Kenako onani chiwindi pansi ndi pamwamba pomwe, pena pamakhala chotupa cha magazi kunsi kwa kakhungu chimene sichikudontha koma chikukula. Ndi bwino kutsitsa gasi pang'ono nkudikira, chifukwa mphamvu ya gasi imatha kutseka timitsempha tikuoneka ngati taleka kenako nkuyambiranso wodwala ali ku wodi. Onaninso kabowo ka pansi pa xiphoid kuchokera mkati. Chida chikatuluka chiyang'aneni ngati chili chonse, zala zonse za fan, tizidutswa tonse ta snake, tisikuluu, ndipo werengani magozi mokweza ndi runner.

Kwa anzathu aku wodi, powapatsa wodwala auzeni kuti chiwindi chinakwezedwa ndi chani, nthawi yaitali bwanji, ndipo ngati panang'ambika penapake zilembedwe. Kupweteka kwa phewa tsiku loyamba ndi lachiwiri kumachitika chifukwa cha gasi wotsalira, auzeni odwala ndi owadikirira asaope. Koma pulse ikamakwera, BP ikutsika, maso ndi zikhatho zayera, mimba ikufufuma, ameneyo si gasi, itanani adokotala usiku omwewo.

Zida zija zisaume ndi magazi. Pukutani ndi gozi yonyowa madzi a sterile muli patebulo pomwe, osati saline chifukwa mchere umadya chitsulo. Chizolowezi chathu chakale chonyika chilichonse mu jiki wa 0.5% pa zida za lap chimaononga, chlorine amadya mahinji ndi waya wamkati mwa snake, ndipo malangizo a WHO a 2016 sakulimbikitsanso kunyika zida mu chlorine musanatsuke. Valani magulovu olimba, apuloni ndi zoteteza maso, ndipo ngati simunabayitse katemera wa hepatitis B kafunseni, kenako tsukani ndi sopo wa enzyme ngati alipo. Chilichonse chomasuka chimasuleni. Fan itsukeni yotsegula, burashi ilowe pakati pa zala ndi pa hinji. Snake itsukeni ili lende kuti madzi alowe pakati pa tizidutswa, ndipo ngati ili ndi kabowo kotsukira ponyanimo madzi ndi sirinji mpaka atuluke oyera. Tsukuluzani ndi madzi opanda mchere monga a distilled, madzi a mjigo ena kuno ali ndi mchere umene umasiya zoyera pa chitsulo. Umitsani bwinobwino, pakani mafuta a zida osati mafuta wamba.

Nathanson ndi mkono wake zimalowa mu autoclave popanda vuto, madigiri 121 kwa mphindi 30 zikakhala zokulunga, kapena 134 kwa mphindi 3 mpaka 4 pa makina a vacuum, ndipo tepi ndi indicator yamkati muzione zisanafike patebulo. Fan ndi snake ziphikidwe zomasula, osati zomanga. Zimene sizipirira moto timanyika mu glutaraldehyde wa 2%, ambiri timangoti Cidex, mphindi zosachepera 20 kuti zikhale high level disinfection, koma kuti zikhale sterile zenizeni ndi maola 10, ndipo muzitsukuluze kwambiri ndi madzi a sterile chifukwa mankhwalawo amaotcha nyama ya mmimba, lembaninso tsiku limene mwasungunula pa chidebe. Posunga, snake igone yowongoka mu thireyi yakeyake, musaiunjikire pansi pa ma Deaver ndi zitsulo zolemera za mafupa, ndipo kunoko kotentha ndi chinyontho cha kunyanja paketi imene yanyowa kapena yabooka olo pang'ono ibwerere ikaphikidwenso.